Phewa langa likudikirabe dzanja lako

Yusufu m'bale wanga, lero kometetsa ku Balaka aika nyimbo yathu ija. Ndatuluka mutu utametedwa mbali imodzi.

Ukukumbuka gulu lathu likuyamba, anyamata anayi tikuyeserera kuseri kwa siteshoni ku Nkaya? Ine ndinkaphonya polowera m'nyimbo nthawi zonse. Anzathu atatopa nane, iwe unati, "Usamawerenge, aise. Ndikakugwira phewa, uziyamba." Zaka zonsezi tinayimba choncho, atsikana nkumayesa ndi sitayilo. Loweruka lino tikayimba paukwati ku Liwonde, koyamba chimwalirire iwe. Dzulo poyeserera ndinaphonya kasanu. Madalitso wa m'gulu lathu anayesa kundigwira phewa, koma dzanja lake limachedwa. Sindikutha, Yusufu. Ndikangoima kakasi pamaso pa anthu, nyimbo ikupita, phewa likudikira iwe.