Nsanza za Pachilonda cha Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anadzitema ndi nkhwangwa m'munsi mwa bondo, akudula nkhuni zowotchera fodya pa famu ya mzungu wina ku Chiparamba. Zinali m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, sopo atasowa m'masitolo a ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata. Amayi anali atamwalira kale, choncho ntchito yochapa nsanza zomangira chilondacho inagwera ine.

Azakhali anga, mlongo wawo wa atate, anabwera kudzadwazika matenda, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandiika lamulo.

"Nsanza ya magazi siyanikidwa panja, wamva? Munthu woipa akangodulako kachidutswa, mlongo wangayu watha."

Sanali munthu wankhanza. Anali ataika kale ana awo atatu m'manda, ndipo ankakayikira aliyense wodutsa pakhomo. Motero ndinkachapa kumtsinje m'mamawa, n'kubisa nsanzazo mumtsuko, kukaziyanika pachingwe kuseri kwa chitseko, mumdima. Inali nyengo ya mvula. Nsanzazo sizinkauma, zinkangofota, ndipo madzulo tinkamanga nazo chilonda zikadali zozizira.

Fungo lake sindidzaliiwala. Pochoka kumtsinje nsanza inkaoneka yoyera ndithu, koma ikangokhala pachingwe theka la tsiku inkayamba kununkha ngati chikumba chonyowa. Ikafunda pamwendo, fungo linkadzaza nyumba yonse mpaka chakudya osatsika kukhosi. Azakhali ankati ndine waulesi, ndipo ankandikwapula ndi kamtengo ka mpoza. Ndinachapa ndi phulusa, ndinapuntha pamwala mpaka zala kusupuka, koma fungo linkabwerera. Ndinayamba kudana ndi nsanzazo, ndipo ndinene zoona, masiku ena ndinkanyansidwa ndi atate omwe.

Tsiku lina ndinaiwala nsanza imodzi pathanthwe. Ndinaikumbukira masana, dzuwa litaswa mtengo, ndipo ndinathamanga mtima uli m'mwamba. Ndinaipeza ili pomwepo, yosadulidwa, itauma gwa. Nditainunkhiza, sinkamveka fungo lililonse. Ndinaima kanthawi ndikudabwa, kenaka ndinaganiza za kamtengo ka mpoza kaja. Ndinaiviikanso m'madzi kuti azakhali asazindikire, n'kukaikoleka kuseri kwa chitseko pamodzi ndi zinzake. Mawa lake inkanunkha ngati zonse, ndipo sindinauze munthu.

Patapita milungu itatu mwendo unatupa, khungu linada, atate anayamba kubwebweta. Amuna a m'mudzi anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe kupita nawo kuchipatala cha kuboma, ine ndi azakhali tikutsatira pambuyo ndi kamtolo ka nsanza. Amene anatilandira anali bambo wina waimvi, wotsuka zilonda. Atamasula mwendowo, anatenga kamtolo kaja n'kukanunkhiza.

"Amachapa izi ndani?"

"Ndi uyu," anatero azakhali. "Manja ake ngolobodoka."

Bamboyo anayang'ana zala zanga zosupukazo. "Ayi mayi, mwanayu amachapa. Mumayanika kuti?"

Azakhali atafotokoza, iye sanawaseke. Anatiuza kuti fungo lija silinali litsiro lotsalira. Anati munsalu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya mafinya, magazi ndi thukuta, ndipo chonunkhacho ndi zimene timatulutsa tikadya. Madzi ozizira amangochepetsako, satipha. Pachinyezi ndi mumdima timaswana msanga, koma madzi owira ndi dzuwa zimatitha.

"Nsalu ikanunkha yochapa kale, ndiye kuti muli zamoyo," anatero. "Mumati mukumanga chilonda, koma mumabwezera tizilombo pomwe mwatichotsa."

Mawa lake dokotala anadula mwendowo pamwamba pa bondo. Azakhali anagona pansi pakhonde la chipatala, akulira ngati pamaliro. Ine misozi inakana kutuluka.

Atate atabwerera kumudzi, ndinkawiritsa nsanza zawo mumphika wakale n'kuziyanika pabwalo, pamaso pa aliyense. Azakhali ankakhala pafupi n'kumazilondera mpaka ziume. Chitsa cha mwendo chinapola bwinobwino, ndipo m'nyumba munasiya kununkha. Koma ntchito ya kufamu inali itatha. Munthu amene ankagwetsa mitengo ikuluikulu anatsiriza moyo wake atangokhala pamphasa, akuluka madengu.

Lero ndine nkhalamba, ndipo sindinganene motsimikiza kuti mwendowo ukanapulumuka. Chilonda cha nkhwangwa chinali chakuya, mankhwala kunalibe. Chimene ndimadziwa n'chakuti tonse m'nyumba muja tinkawakonda atate, ndipo tinkawapweteka madzulo alionse ndi manja athu, tikuyesa kuti tikuwateteza. Mphuno zinkatichenjeza tsiku ndi tsiku, koma akulu anali atasankha kale choopa chawo, ndipo mwana analibe pakamwa.

Nditakwatiwa, ndili ndi mwana kumsana, ndinapita kukawaona atate, ndipo ndinawaululira za nsanza imene ndinaiviikanso m'madzi. Ndinkayembekezera kuti akwiya, mwina ndinkafuna kuti akwiye. Anapitiriza kung'amba nsungwi, osadzutsa mutu.

"Mwana wanga," anatero, "ngakhale ukananena, tikanangokukwapula basi."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, koma sizinanditonthoze.