Majini a Che Ayubu

Pa famu ya fodya ya ku Tengwe panalibe wodziwa tsamba kuposa Che Ayubu. Bambo awo anachokera ku Mangochi, koma iwo anabadwira pa komboni pomwepo, ndipo imvi zinawapeza m'shedi akusankha fodya. Ankangogwira tsamba, kulinunkhiza, basi giredi aitchula.

Chaka chatha maso anayamba kuwanamiza. Tsamba limodzi ankaona awiri. Foromani nayenso ankaoneka awiri, ndipo iwo ankati zimenezo n'zowawa kuposa mutu umene unkawasautsa. Foromaniyo anawauza kuti akapanda kuchira fodya asanaume, mpando wawo wa m'shedi akhalapo wina.

Akazi awo, a Faida, anawakweza kombi mpaka ku Harare. Atawajambula, dokotala wachitsikana dzina lake Selestina anati pafupa la pansi pa chigaza, kuseri kwa mphuno, pamera chotupa chosowa kwambiri, ndipo chikupanikiza mtsempha wa diso.

"Tichichotsa, sekuru," anatero m'Chishona chosakaniza Chingerezi, kuwatchula agogo. "Kachidutswa kake tikayeza majini ake. Sainani apa."

Che Ayubu anabweza cholembera.

"Majini? Ine ndimaswali kasanu pa tsiku, mwanangu. Majini alowera pati?"

"Ndinkakuuzani ine, bambo a Aisha," anatero a Faida, "kuti musamagone pansi pa mkuyu uja masana!"

"Ayi, si mizimu, ndikunena ma-genes pa Chingerezi," anatero dokotala. "Aliyense ali nawo. Ngakhale ine ndili nawo."

Che Ayubu anasuntha mpando wawo kubwerera m'mbuyo.

"Mayi a Aisha, tengani chikwama."

Dokotala anayesanso. Anati jini limodzi lomwelo limatha kutuluka lalitali kapena lalifupi, ndipo iwo akufuna adziwe lomwe lachuluka.

"Lalitali, lalifupi! Ndiye ndi banja lathunthu, likukhala m'mutu mwanga osagogoda!"

Anaimirira, n'kulunjika khomo limene panalibe, n'kugunda chipupa. A Faida sanaseke. Anaona kuti bambowa abwerera ku Tengwe ndi chotupa chawo.

Apa dokotala anayang'ana zala zofiirira za Che Ayubu.

"Sekuru, mumagwira fodya?"

"Kuyambira iwe usanabadwe."

"Mbewu imodzi imabala masamba ofanana?"

"Aa, iwe! Lapansi ndi lopepuka, lapakati ndi lalitali, lansonga ndi lalifupi lokhuthala. Mtengo umodzi womwewo."

"Majini ndikunena inewa ali ngati mbewuyo. Munthu amabadwa nawo. Tikufuna tione kuti m'chotupamu mukutuluka tsamba liti, tidziwe khalidwe lake."

Che Ayubu anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye mukufuna kuchita giredi! Osangonena bwanji? Anthu ophunzira inu!"

Anasaina kawiri, pamzere weniweni ndi pamzere umene ankauona okha. Anamulangizanso dokotalayo kuti zazitali ndi zazifupi asakaike m'belo limodzi.

Chotupa chitachotsedwa, anabwerera pa famu fodya ali m'mabarani. Diso linachedwa kuwongoka, choncho a Faida anawasokera kachigamba ka nsalu yakuda. Foromani anawayalira masamba khumi kuti awayese. Ndi diso limodzi ndi mphuno, anatchula onse osaphonya, n'kumuuza foromaniyo kuti foromani mmodzi yekha akukwana.

Mpando uja ndi wawobe, ngakhale amapitabe ku Harare kukaunikidwa. Kachigamba anachotsa. Chimene amadandaula n'chakuti Faida wachiwiri amene maso ankawaonetsa uja anapita, pomwe ndi amene sankalankhula.