Chakudya cha Sakina Chinkapita ku Nkhuku

M'chaka cha 1976, Nafisa anafika pachipatala ku Balaka atabereka mwana amene analibe ngakhale mphamvu yolirira. Mwanayo, Sakina, anali ndi zaka ziwiri, tsitsi litafiira, mimba itatupa, miyendo ngati timitengo ta chinangwa. Bambo ake anamira pa nyanja ya Chiuta akuwedza. Nafisa anali ataika kale ana awiri m'manda, ndipo uyu ndiye anali womaliza.

Musaganize kuti anali mayi waulesi. Tsiku lililonse ankakonola chimanga cha eni ake ku Nayuchi, malipiro ake n'kukhala kambale ka mphale ndi madeya. Mphaleyo ankaiviika, kuisinja, ufa n'kutuluka woyera mbee, wa phala la mwana. Madeyawo ankawazira nkhuku. Kwawoko mgaiwa ankati ndi wa akaidi, ndipo Nafisa, ngakhale anali wosauka, sankafuna kusekedwa.

Namwino, a Dorica, anamvetsera zonsezi kenako anafunsa, "Nanga nkhuku zanuzo zili bwanji?"

"Zonenepa, amayi."

"Ndiye chakudya cha mwana mukupatsa nkhuku. Kamtima ka chimanga kamachoka ndi madeya, ndipo m'menemo muli mafuta ndi vitamini E wothandiza kuteteza thupi. Muzigayitsa chosakonola, muzithiramo nsinjiro ndi masamba."

Mawuwo anamulasa. Analira pabenchi pomwepo, chifukwa anaona kuti manyazi ake ndiwo ankamaliza mwana wake.

Sakina atatuluka m'chipatala, phala la pakhomopo linasintha mtundu. Kuchitsime nkhani inafika msanga. "Abiti Bakari ayamba kulimbirana chakudya ndi nkhuku," ankatero amayi anzake, pomutchula Nafisa ndi dzina la bambo ake. Nafisa ankangosenza ndowa yake n'kumapita. Kuseri kwa nyumba anadzala mizere ya mtedza, ndipo sanagulitseko ngakhale chitini.

Sizinasinthe lero ndi lero. Mwezi woyamba mwana ankalavula phalalo, mayi n'kumamunyengerera ndi kasupuni mpaka dzanja kutopa. Mwezi wachinayi tsitsi linayamba kuda. Tsiku lina Nafisa akuanika mtedza, anamva wina akumukoka chitenje. Sakina anali ataimirira ndi miyendo yake.

Apa Nafisa analimba mtima. Anayamba kuphika chigumu cha mgaiwa ndi nsinjiro n'kumagulitsa pasiteshoni ya sitima, khadi la chipani, lomwe aliyense ankayenera kuyenda nalo masiku amenewo, atalimangirira pansonga ya mpango. Masiku oyamba ankabwerera nacho dengu lodzaza. Koma ogwira ntchito panjanji atazindikira kuti chidutswa chimodzi chimawasunga mpaka madzulo, chinkatha sitima isananyamuke.

Lero Sakina ndi agogo a zidzukulu zisanu, ndipo amalimabe yekha munda wake ku Utale. Moyo wonsewo unatsala pang'ono kutayika chifukwa choopa kuti anthu anena chiyani.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chinthu chabwino chimene mukuchizemba poopa kusekedwa. Osekawo sadzakulelerani mwana. Chitani choyenera, ngakhale pakutha miyezi osaona kusintha. Osataya mtima, pitirizani kupereka supuni ija.