Nati Inazungulira Kanayi

Galimoto imene atate anatisiyira inali yakale kuposa ine, ndipo akulu anga ankaisamala ngati mkazi wachiwiri. Mabuleki akumbuyo atatha, zitsulo zake zitasowa m'masitolo, iwo anachotsa madilamu n'kuikamo madisiki a galimoto ina. Ine anandipatsa ntchito imodzi yokha, kukagula ku Lusaka mastadi, mabawuti aja amene wilo imamangidwapo.

Kwathu ku Feira munthu sapita kutauni ndi manambala, amanyamula sampulo. Ndinakulunga stadi yakale m'kansalu, n'kubwera ndi ofanana nayo ndendende, ndikudzitama. Sindinaganize kuti disiki ija inali yochindikala kuposa dilamu, kotero kuti inkadya utali wa stadi.

Ndinazindikira pomanga mawilo. Akulu anali chagada pansi pa galimoto, sipanala ili kwa ine. Nati inazungulira kanayi kokha n'kulimba, pomwe kale dzanja linkachita kutopa. Wilo inayo, kanayinso. Anandifunsa ali pansi pomwepo ngati zagwira bwino. Ndinaganiza za kutalika kwa Lusaka ndi mmene akanandisekera pamaso pa anzawo, ndipo ndinati zagwira. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje, koma amene anafa si ine.

Patapita miyezi itatu amayi anadwala mwadzidzidzi tili ku Mphuka, dzuwa lili pamutu. Tinawagoneka pampando wakumbuyo, akulu n'kuliyatsa liwiro la kuchipatala ku Katondwe. Pamabampu ena wilo yakumbuyo yakumanzere inaguluka n'kutipitirira, kukalowa m'munda wa mapira. Palibe anavulala, galimoto inangokhala pansi. Tinadikira pamsewu mpaka mithunzi inatalika, mutu wa amayi uli pamiyendo panga. Lole ya nsomba zouma imene inatinyamula inawafikitsa atazizira kale.

Anamwino anati mwina ngakhale tikanafika msanga sizikanathandiza. Sindinawakhulupirire.

Akulu sanagwirenso sipanala. Galimotoyo ili pamiyala kuseri kwa nyumba yawo, nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo ine ndimaiopa. Ndikapita kukawaona ndimalowera kumaso.

Chaka chatha tikulambula pamanda a amayi, akulu anaika khasu pansi n'kundigwira paphewa.

"Mng'ono wanga, ni ine nenze wamkulu pa ija nchito," anatero. "Sin'nayeseko manati na manja yanga. Unikhululukile."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonse. Ndinangoti ndawakhululukira, ndipo iwo anandithokoza.