Amuna Anga Agona Kuseri kwa Tchalitchi

Tchalitchi chathu chakale chili pamtunda, patali pang'ono ndi Shire. Khoma lake ndi lochindikala moti mwana akhoza kugona pazenera osagwa. Mazenerawo ndi ang'onoang'ono, ndipo chitseko chimatsekedwa ndi mpiringidzo m'kati. Akuluakulu ankati anachimanga choncho nthawi imene anthu ankathawa nkhondo, kuti adani akabwera mudzi wonse ulowe n'kudzitsekera.

Chaka chimene madzi anasefukira kwathu kwa Mlolo, tinathawiramo. Amuna anga anali akudwala kale chifuwa. Asodzi anzawo anawatenga pabwato n'kuwagoneka pamphasa pafupi ndi guwa. Anatsokomola masiku angapo, kenako anatisiya.

Manda a kwathu anali atamira. Mng'ono wawo anati, "Mlamu, tidikire madzi aphwe. Achimwene akagone kwa makolo awo."

"Aphwa liti, alamu?" ndinatero. "Kutentha kwa kuno simukudziwa? Mukufuna anthu ayambe kugwira mphuno pa achimwene anu?"

Anatuluka panja.

Malo ouma anali kuseri kwa tchalitchi kokha, kumene kunagona ansembe akale. Ndinapita kwa akatekisiti n'kugwada.

"Mayi, kumeneko sitiika anthu wamba," anatero.

"Ndikudziwa, bambo. Ndiye ndionetseni pena pouma, ndikawaike."

Anayang'ana uku ndi uku. Kunali madzi okhaokha, ndi nsonga za chimanga.

"Chabwino," anatero. "Koma akhale iwo okha. Ena asadzabwere kudzapempha, ngakhale inu nomwe."

Ndinavomera. Tsiku limenelo sindinaganize za ine.

Bokosi panalibe. Tinawakulunga m'mphasa ndi chitenje changa. Okumba anavutika, khasu likugunda njerwa za mpanda wakale umene unagwa ife tisanabadwe. Alamu anabwera mochedwa, koma analowa m'dzenje n'kulandira thupi.

Madzi ataphwa tinabwerera kumudzi. Lamulungu ndimalawirira kuti ndikazule udzu Misa isanayambe. Masana khoma limaponya mthunzi pamandapo, ndipo ndimathokoza, chifukwa amuna anga anapsa ndi dzuwa moyo wawo wonse pamtsinje.

Pambali pawo pali malo okwana munthu mmodzi. Ndimawaona nthawi zonse ndikamazula udzu. Koma ana anga ndinawauza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzavutitse akatekisiti. Adzandiike kumanda a kwathu, kumunsi kuja.