Chipolopolo M'thalauzi la Mwana Wanga

Anzanga, zimene ndikuuzenizi si zopeka iyayi, zinandichitikira ine ndemwe, nanga ndi mayi uti angakhale pansi n'kupeka bodza loti ankaganizira mwana wake wobereka yekha kuti ndi chigawenga? Mayina okha sinditchula poti anthu ake alipo, ndipo ena timapemphera nawo mphakati umodzi.

Ine ndimakhala kufupi ndi Nsanama, ndimalima chimanga ndi nandolo ngati wina aliyense. Mwana wanga woyamba, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Nsanama ndi Liwonde. Chaka china, nyengo yogulitsa nandolo, kunavuta akuba a mfuti amene ankatchingira mavenda pamsewu, ndipo mphekesera inali yoti akubawo amanyamulidwa ndi anyamata akabaza. Anthu anali atakwiya moti kumudzi wina anagwira mnyamata, osamufunsa n'komwe, ndipo zimene anamuchita ndi matayala ndi petulo sindifuna kuzibwereza. Amuna anga, amene mtima wawo suchedwa kuyaka, ananena pakhomo tonse tikumva kuti mwana wawo akadzapezeka m'gulu limenelo adzamupereka okha kwa anthu.

Loweruka lina m'mawa ndinkachapa kuseri kwa nyumba, ndipo monga mwa chizolowezi ndinapisa m'matumba ndisanaviike zovala. M'thalauzi la mnyamatayu ndinakhudza kanthu kolimba, ine n'kumati ndi kabawuti ka njinga. Kutulutsa, ndinaona kachitsulo kamkuwa, kafupi kosafika chala, kumutu kobulungira, kumbuyo kuli kadontho pakati. Ine ndinakula nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu akuthawa kudzera ku Nayuchi, ndiye chipolopolo sindingachisokoneze ndi bawuti. Chinali chipolopolo, chosaomba, chathunthu.

Ndinangokhala pansi m'madzi a sopo momwemo. Mayi wina woyandikana naye anadutsa n'kundifunsa ngati kuthamanga kwa magazi kwayambanso, ine ndinangovomera, dzanja nditafumbata gwa, chifukwa mayi ameneyo akamva kanthu m'mawa, pofika masana kamakhala kali pamsika.

Ndinaganiza zokachiponya m'chimbudzi, koma kutaya chipolopolo n'kutaya mfuti kodi? Ndinalowa kuchipinda kwake n'kutembenuza matiresi, kupisa m'denga, kugwedeza nsapato, osapeza kanthu. Atabwera kudzadya ndinkangomuyang'ana manja. Lamya imene anagula mwezi wathawo, jekete latsopano, ngakhale shuga amene anandibweretsera, zonse zinayamba kuoneka zakuba. Mwina mukuti bwanji osangomufunsa? Ndinkaopa kuti avomera. Kuuza bambo ake ndiye sindikanayesa, mawu awo aja anali akadali m'khutu.

Chipolopolocho ndinachimanga pakona ya chitenje ngati mmene timamangira ndalama ya mchere, ndipo Lamulungu ndinapita nacho kutchalitchi, ndikugwada nacho, pemphero lililonse likungothera pa dzina la mwana wanga. Lolemba ndinanama kuti ndikukaona matenda ku Ulongwe, kumene kumakhala achimwene anga, chifukwa kwathu kuno nkhani ya mwana ikakula mwini wake ndi amalume. Pa Liwonde apolisi anaimitsa minibasi yathu, ndipo ngakhale ankangosuzumira matumba a katundu, thukuta linanditsika mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikufuna kukhala cha pawindo.

Achimwene atachilandira anachitembenuzatembenuza pachikhatho. Kenako anandiuza kuti ndichiyang'ane bwino, poti chinali chosalala ngati khobidi lakalekale, timalemba takumbuyo titafufutika. Anati kanthu kameneka kayenda m'manja mwa anthu kwa zaka zambiri, mwina n'kakakulu kuposa mnyamatayo. Anandikalipiranso kuti safunsa anadya phula, n'kumuimbira lamya mphwawoyo kuti abwere ndi njinga adzatenge mayi ake.

Atafika, achimwene anangochiika chipolopolocho patebulo. Mwana uja anapumira m'mwamba n'kunena kuti wakhala akuchifunafuna kuyambira Loweruka. Anthuni, ine ndinati basi wavomera, mwana wanga wapita.

Koma zimene anafotokoza zinali zina. Apongozi anga aamuna, agogo ake, anakhala nafe pa ukalamba wawo mpaka anatisiya chaka cham'mbuyo mwake, ndipo anasiya bawo lawo ndi kathumba kansalu ka nkhomo, timbewu tolimba tosewerera tija. Mnyamatayu anatenga zonsezo kupita nazo pasiteji kuti azitayitsa nthawi ndi anzake podikira anthu okwera. Pokhuthula kathumbako pamaso pa gulu lonse, anangoona chipolopolo chagubuduka pakati pa nkhomo. Anachibisa msangamsanga m'thumba wina asanaone, poti ankadziwa kuti masiku amenewo wakabaza wopezeka ndi chipolopolo sapatsidwa mpata wofotokoza. Bambo ake ankawaopa ngati mmene ndinkawaopera ine.

Ndinafuna kukhulupirira, koma wakuba amasowa chonena ngati? Chipolopolo chikatani m'kathumba ka nkhalamba imene moyo wake wonse chida chake chinali khasu ndi kolona? Achimwene anafunsa ngati alipo wamoyo amene ankasewera bawo ndi malemuwo. Analipo mmodzi, mkulu wina wachiyao wokhala chakufupi ndi njanji, amene ankabwera kwathu pafupifupi tsiku lililonse mpaka miyendo itamukana. Tinakwera atatu panjinga imodzi, ine pakati, ndipo achimwene anatilangiza kuti tikafika tisakamuonetse kanthu, tikangofunsa.

Tinamupeza pakhonde akusoka mkeka. Titalonjerana, achimwene anangoti m'kathumba ka nkhomo ka malemu tapezamo chinthu chachilendo. Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati msilikali akadalipo, kamkuwa kaja kophwanyika pang'ono mbali imodzi pamene mnzakeyo anakaponda ndi mpando. Ndinamasula chitenje n'kuchiyang'ana. Kophwanyika kanalipodi, pambali pomwepo. Ndinalira mokweza ngati pamaliro, ana a pakhomopo mpaka anathamanga kudzaona.

Mkuluyo anatifotokozera kuti nthawi ya nkhondo ija kunafika bambo wina wothawa, wachibale wa apongozi wa kutsidya, poti makolo awo anachokera komweko. Munthuyo anali atatopa ndi kumenya nkhondo, mfuti yake yaing'ono ya m'manja anaitaya m'dambo asanadutse malire, koma chipolopolo chimodzi chinatsalira m'thumba la malaya. Tsiku lina akufuna kuyamba bawo anapeza kuti nkhomo imodzi yasowa, mwina mwana anaimeza, ndipo mukudziwa kuti nkhomo ikaperewera ngakhale imodzi masewero sayenda. Mlendo uja anangotulutsa chipolopolocho n'kuchiponya m'dzenje, akuti chigwireko ntchito ina yabwino. Nkhondo itatha iye anabwerera kwawo, koma chipolopolocho, chimene anachitcha msilikali, chinatsala, ndipo azibambo akuluakulu a ndevu zawo anakhala akuchidya ndi kuchibweza pabawo zaka zonsezo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zongotola kamwala.

Ndili mkati moseka ndi misozi yomwe, ndinakumbukira chinthu china choopsa. Kathumba kaja, chibwerereni apongozi kwathu, kankakhala kokoloweka m'denga la khitchini yanga, pamwamba penipeni pa mafuwa, ati kuti utsi uziteteza nkhomo ku anankafumbwe. Ndi ine ndemwe ndinkakakoloweka akamaliza kusewera! Zaka zonsezo ndimasonkha moto, kukazinga chimanga, ana ali mozungulira, chipolopolo chili pamutu pathu, chikulendewera pa kachingwe koti khoswe akanatha kudula.

M'mawa mwake tinapita nacho kupolisi, mkulu uja tinamutenga kuti akhale mboni. Wapolisi amene anatilandira anamvetsera akupukusa mutu, n'kutiuza kuti n'cha mfuti yaing'ono ya mtundu wakale, ndipo anati ukalamba wa chipolopolo si imfa yake, chikagwera pamoto chikhoza kuphulikabe. Amuna anga atamva nkhani yonse anangokanda m'mutu n'kunena kuti iwotu msilikali ankamudziwa, anasewera naye ali mnyamata, kungoti anaiwala. Zimene ndinawayankha tsiku limenelo sizoyenera kulembedwa ndi mayi wopemphera.

Chimene chinandilasa ndi cha mwana wanga. Tili awiri anandiuza mofatsa kuti sanakwiye, koma anadabwa kuti ndinawoloka Shire kukafunsa za iye, chonsecho amagona kuseri kwa khoma langa. Ndinangomugwira dzanja lija ndinkaliyang'ana ngati la wakuba.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anatiteteza kawiri, ku moto wa m'khitchini ndi ku moto wa anthu, chifukwa wina akanachiona chipolopolocho pasiteji paja, kapena ine ndikanaulula kwa mayi woyandikana naye uja, bwenzi tikunena zina. Ndiye anzanga a m'mbali mwa malire muno, fufuzani m'timatumba ndi m'zitini za makolo anu, nkhondo ija inasiya zambiri m'nyumba zathu. Mukachipeza musachiponye pamoto, musachibise, pitani nacho kupolisi ndi mboni. Ndipo musanathamangire matayala, kapena minibasi ngati ine, yambani mwamufunsa munthuyo.

M'malo mwa nkhomo yosowa ija ndinakatola ndekha kamwala kumtsinje n'kukaika m'kathumba. Ndamva kuti anyamata a pasiteji anakapatsa kale dzina, akakadya pabawo amakuwa kuti agwira amayi.