Ng'ona za m'Beseni Langa

Dambo la kuseri kwa mudzi wathu kale linalibe ng'ona. Ndikamanena zimenezi, ana a masiku ano amandiyang'ana ngati ukalamba wandilowa m'mutu, koma ndi zoona. Tinkachapa momwemo, kuwokera mpunga madzi ali m'mawondo, ana n'kumasambira popanda wowayang'anira. Ng'ona zinali za kutali, kumene mtsinje umathirira m'nyanja.

Anazibweretsa ndi amuna anga. Koma amene anaziika m'dambomo ndine.

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinali ndi mwana kumsana, wina m'mimba. Tsiku lina amuna anga, amene anali msodzi, anafika ndi thumba lonyowa n'kukhuthulira m'beseni langa lochapira tiana ta ng'ona tisanu, tongolingana ndi abuluzi aakulu.

"Amake mwana, chuma ichi," anatero. "Kuli bwana wina akugula zikopa. Tikazilera zaka ziwiri, nyumba ino malata pamwamba."

Amuna anga anali munthu wa mapulani. Iwo ankayambitsa, ntchito n'kutsalira ine. Anakumba dzenje kuseri kwa bafa, n'kulitchinga ndi mabango, n'kundichenjeza kuti ndisauze munthu, poti kusunga nyama zotere popanda chilolezo cha boma kunali kudziputira mlandu. Nyengo ya usodzi itatsegulidwa ku Mbenji, anakwera bwato. Pachilumbapo mkazi saponda, ndiye sindikanawalondola kukawabwezera katundu wawo.

Miyezi inayi ndinatunga madzi a anthu ndi a ng'ona. Usipa umene ndikanadyetsa mwana ndinkagawana ndi zilombo. Ukasowa, ine ndi pathupi panga ndinkasaka achule. Kamodzi kena kanandiluma chala cha mkombaphala, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Ndinatopa, palibenso mawu ena. M'mawa wina ndinaziika m'beseni, n'kuvundikira ndi zovala ngati ndikupita kochapa, n'kukazikhuthulira m'bango. Ndinkati ng'ona ili ngati nkhuku, imadziwa kwawo, zitsata madzi zibwerere kunyanja. Amuna anga atabwera ndinawauza kuti zinafa. Sanadandaule, anali atayamba kale kulota za injini ya boti.

Panapita zaka, ine n'kuiwalako. Kenako anayamba kusowa abakha. Zinatsatira mbuzi. Chaka china mayi wina akudula mabango anagwidwa mwendo. Anapulumuka, koma sanayendenso mowongoka.

Kwathu kuno ng'ona ikaoneka pamalo pamene sipanakhalepo ng'ona, anthu safunsa kuti yachokera kuti. Amafunsa kuti ndi ya yani. Amati ng'ona yotere ndi yoweta, ili ndi mwini wake amene amaituma.

Woyandikana nane munda anali bambo wina wachikulire wa ku Chitala, amene anatsatira mwana wake wamkazi wokwatiwa m'mudzi mwathu. Anali munthu wa kumtunda, wa chimanga, madzi sankawadziwa. Ife tisanalowe m'dambo tinkayamba taimirira, kuyang'ana, kumenya madzi ndi ndodo. Iwo ankangopinda buluku n'kulowa, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Mbali yawo madzi anali osaya, mwina n'chifukwa chake sanagwidwe. Koma anthu anaona zina. Galu saluma mbuye wake, ankatero pachitsime.

Anthu anasiya kuwapatsa moni. Nazale yawo ya mpunga anaipeza itazulidwa. Apongozi a mwana wawo anayamba kunena kuti banja la mfiti sangalisunge. Ine ndinkaona zonsezi, pamene bamboyo ndi amene ankandisenzetsa mtolo tsiku lililonse, ndipo ankanditchula kuti mwana wanga.

Nditalephera kupirira ndinaulula kwa amuna anga.

"Ndiye mukufuna mukauze yani?" anafunsa. "Wolumala uja abale ake atisiya? Nanga a boma? Masiku ano munthu akatengedwa sabwera msanga. Tsekani pakamwa, amake mwana."

Ndinatseka. Sindinganamizire iwo okha ayi. Ndinkaopa, ndipo ndinali wotopa moti kukhala chete kunali kopepuka kusiyana ndi china chilichonse.

Bambo aja anasankha kuchoka kuti banja la mwana wawo lisathe. Tsiku lonyamuka anadutsira pakhomo panga dzuwa lili pamutu, kathumba kali m'manja.

"Mwana wanga, mbewu ya mpunga wa faya iyi. Kwathu ku Chitala ndilibe pouwokera mpunga, tengani ndinu. Inu nokha simunasiye kundipatsa moni." Anapukuta thukuta, n'kuyang'ana kudambo. "Koma ana anuwa musamawatume okha kumadziko. Ine mwini wa zilombozi sindimudziwa, koma ndi munthu wopanda chisoni."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, chala cha chipsera chija ndinachipinda kunsi kwa kathumbako. Ndinati zikomo, muyende bwino.

Sindinawaonenso. Ng'ona zinaswana, lero m'dambomo munthu salowa yekha. Mbewu ija ndinaifesa chaka chomwecho ndipo inabereka bwino. Ndimasungako chaka ndi chaka, ndipo ndi mpunga umene ana anga akulira.